Chilungulira chobwerabwera: yambani ndi kuona nthawi imene chimakugwirani

Chilungulira cha tsiku limodzi chilibe nkhani. Mwadya mbatata yambiri ndi tiyi, madzulo pachifuwa patentha, kukacha mwaiwala. Chimene tikunena pano ndi chija chobwera kawiri kapena katatu pa sabata, chokudzutsani pakati pa usiku ndi timadzi towawasa kukhosi, mpaka mumagona ndi mapiritsi otafuna pansi pa pilo. Ine ndinakhala nacho nthawi yaitali ndikudziuza kuti ndili ndi maalsa, ndipo ndinasiya zakudya zambiri zimene zinalibe mlandu uliwonse.

Ambiri timaganiza kuti vuto ndi kuchuluka kwa asidi m'mimba. Kwa anthu ambiri asidiyo ndi wa mlingo wake. Chavuta n'chakuti akufika kumene sayenera kufika.

Chakudya tikameza chimatsika ndi njira ya kum'mero, yotalika masentimita pafupifupi 25, n'kukalowa m'chifu. Pamene njirayi imalumikizana ndi chifu pali mnofu wozungulira ngati mphete, wa masentimita 3 kapena 4, umene madokotala amautcha lower oesophageal sphincter. Ntchito yake ndi ya valavu ya chubu cha njinga: mpweya ulowe koma usatuluke. Mnofuwu umakhala wofinya nthawi zonse, umamasuka masekondi ochepa pomeza, kenako n'kutsekanso. Uli ndi mnzake wouthandiza, mnofu waukulu wopumira uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba, diaphragm, umene umapana njira ya chakudya pamalo omwewo.

Mkati mwa chifu muli mamina okhuthala oteteza khoma lake ku asidi. Kum'mero kulibe chitetezo chotere. Choncho valavu ikamasuka pa nthawi yolakwika, asidi pang'ono chabe akakwera, mumamva moto kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ndipo valavuyi imamasuka yokha chifu chikatambasuka ndi chakudya, kuti mpweya utuluke, kugeya n'komweko. Chifu chikadzaza kwambiri, imamasuka pafupipafupi, ndipo chotuluka sichikhala mpweya wokha.

Zimenezi zikamveka, zina zonse n'zosavuta kulondola. Pali zinthu zofooketsa valavu, zinthu zopanikiza mimba kuchokera pansi, ndi kagonedwe kolola asidi kuyenda. Mapiritsi amachepetsa ukali wa asidi, koma sakhudza valavu. N'chifukwa chake chimabwerera mapiritsi akatha.

Tengani sabata imodzi mukulemba kumapeto kwa kope kapena mu foni: nthawi imene chabwera, munadya chiyani, munali mukuchita chiyani. Yankho limakhala m'menemo.

Chikamabwera usiku mutagona

Ichi ndiye chofala, ndipo chimagwirizana kwambiri ndi kadyedwe kathu. Masana ambiri timangodya chimanga chootcha kapena kabanzi, chakudya chenicheni n'kudikira mgonero. Nsima ipsa cha m'ma 8 koloko, mitanda itatu ndi nyemba, madzi kapu ziwiri, pofika 9 koloko munthu ali pabedi. Chifu chimafuna maola 2 mpaka 4 kuti chakudya chochuluka chidutse, ndipo ndiwo zikakhala zamafuta chimachedwa kuposa apo. Mukagona chili chodzaza, zili ngati kugoneka botolo lodzaza la chitsekerero chosatseka bwino. Komanso munthu akagona sameza malovu pafupipafupi, pamene malovu ndi amene amatsuka asidi kum'mero masana. Asidi wa usiku amakhalitsa.

Choyamba, pakati pa mgonero ndi kugona pakhale maola 3. Ndikudziwa kuti izi n'zosavuta kulemba kusiyana ndi kuchita, makamaka kwa amene minibasi imawafikitsa kunyumba mdima utagwa, kapena magetsi abwera mochedwa. Ngati nthawi singasinthe, sinthani kuchuluka: nkhomaliro ikhale yaikulu, mgonero mtanda umodzi. Kunyumba kwathu izi zinabweretsa mafunso, mayi a ana ankaganiza kuti ndikudyera kwina. Zinatheka nditawafotokozera bwino.

Chachiwiri, kwezani kumutu kwa bedi masentimita 15 mpaka 20. Njerwa zootcha ziwiri zosanjikiza pansi pa mwendo uliwonse wa kumutu zimakwana. Onetsetsani kuti zakhazikika, bedi lisagwedere. Ndinayamba ndasanja mapilo atatu, ndipo zinangoipiraipira, chifukwa mapilo amapinda munthu pamimba n'kuonjezera mpanipani. Chofunika ndi thupi lonse kuchokera m'chiuno kupita kumutu likhale motsetsereka. Ngati mumagona pa matilesi apansi kapena pa mphasa, pindani mabulangete kapena ikani thabwa pansi pake kumutu, kuti kutsetsereka kuyambire kumsana osati pakhosi.

Chachitatu, gonerani kumanzere. Chifu chimapendekera kumanzere kwa thupi, ndiye mukagonera mbali imeneyo zamkati zimakhala m'munsi, valavu ili pamwamba pake. Mukagonera kumanja valavu imamira. Ndi chinthu chaulere chimene ambiri amadabwa nacho usiku woyamba womwe.

Ngati mumadzuka ndi mawu osasa, chifuwa chouma cha usiku, kapena mphumu yanu imakula usiku, asidi angakhale akufika mpaka kukhosi ngakhale simumva kutentha. Koma chifuwa chopitirira masabata 2 musachitche chilungulira musanakayezetse makhololo.

Chikamabwera masana mukangodya

Apa yang'anani kaye zimene mumachita mukatha kudya. Kuwerama ndi mimba yodzaza kumafinyira chakudya m'mwamba: kupalira, kuchapa m'beseni lapansi, kusesa ndi tsache lalifupi, kunyamula matumba. Ntchito yowerama ichitike musanadye kapena patapita ola limodzi kapena awiri. Lamba wothina, chitenje chomanga kwambiri pamimba, ndi zovala zofinya mimba zija zimachita chimodzimodzi. Ogwira ntchito mu ofesi amene amadya n'kukhala chopindika pa mpando masana onse, ayese kuyenda pang'ono akatha kudya.

Pa nkhani ya zakudya ndipempha kuti musathamangire kusala. Anthu amapatsana mndandanda wautali: osadya nyemba, osadya tomato, osadya mtedza, osadya zipatso, mpaka munthu amatsala ndi phala lokha n'kuwonda. Zimene zimadziwika kuti zimafooketsa valavu kapena kuchedwetsa chifu ndi zamafuta, monga tchipisi cha pa chiwaya, mandasi, zitumbuwa, nyama yonona ya pa kanyenya, ndiponso chokoleti, khofi ndi timbewu tonunkhira ta peppermint. Zakumwa za gasi zimatupitsa chifu, ndipo mukageya asidi amakwera nawo. Tsabola wa kambuzi, tomato, malalanje ndi mandimu nthawi zambiri zimangowawitsa kum'mero kumene kwapsa kale. Mbatata, imene tonse timailoza chala, imavutadi anthu ena, makamaka akaidya yambiri nthawi imodzi, koma ena siiwakhudza n'komwe.

Chotsani chinthu chimodzi kwa sabata ziwiri. Ngati palibe kusintha, chibwezereni, yesani china. Kwa ine tomato analibe vuto; amene anandipweteka anali mandasi atatu ndi tiyi wa mkaka m'mawa.

Zinthu ziwiri zokha ndi zimene sindingakunyengerereni. Fodya amafooketsa valavu komanso amachepetsa malovu, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe. Mowa nawo umamasula valavu, ndipo wokhuthala ngati masese umadzazanso chifu. Chinanso chosakoma kumva: mimba ikakula, mafuta a m'mimba amapanikiza chifu usana ndi usiku. Pa njira zonse zosintha moyo, kuchepetsa thupi ndiyo imene ili ndi umboni wamphamvu kwa amene thupi lawonjezeka. Ngati chilungulira chinayamba chaka chimene munaboola bowo latsopano pa lamba, chiyambi chake mwachipeza.

Chinayamba mutayamba mankhwala ena

Izi ambiri saziganizira. Mankhwala a BP otchedwa nifedipine ndi amlodipine amagwira ntchito pomasula minofu ya mitsempha ya magazi, ndipo amamasulanso valavu ija. Musawasiye panokha, BP imapha mwakachetechete pamene chilungulira chimangozunza. Kawauzeni a dokotala, pali ena amene angakusinthireni.

Mapiritsi opha ululu monga aspirin, brufen, diclofenac ndi indocid amapsereza chifu ndi kum'mero. Anthu a nyamakazi ndi msana amene amawagula pa golosale n'kumamwa tsiku lililonse, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu, ndi amene amafika potuluka magazi m'mimba. Panado alibe vuto limeneli.

Doxycycline, mankhwala opha tizilombo, akamezedwa ndi timadzi tochepa munthu n'kugona pomwepo, kapisozi amatha kukakamira kum'mero n'kuboola chilonda. Mumwereni kapu yodzaza ya madzi muli chikhalire kapena chiimire, ndipo musagone kwa theka la ola. Mapiritsi oonjezera magazi nawo amafuna madzi ambiri chimodzimodzi.

Mankhwala ndikumwa koma sakugwira

Mankhwala a chilungulira ali m'magulu, ndipo kulephera kwambiri kumachokera pa kuwasokoneza.

Otafuna ndi amadzi oyera aja, monga magnesium trisilicate, amazimitsa asidi amene alipo kale. Amagwira m'mphindi zochepa, mphamvu yake n'kutha posachedwa. Ndi a pomwe chakugwirani. Gaviscon amaonjezera china: amapanga thovu lolimba loyandama pamwamba pa chakudya, choncho amathandiza mukamumwa mutadya ndi pokagona.

Omeprazole ndi wosiyana. Iye amatseka timapampu topanga asidi m'khoma la chifu, ndipo amatseka bwino timapampu timene tadzuka chifukwa cha chakudya. N'chifukwa chake amayenera kumwedwa mphindi 30 mpaka 60 musanadye kadzutsa, tsiku lililonse, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakapita masiku angapo. Amene amammeza pakati pa usiku moto utayaka kale, n'kunena kuti ndi wachabe, wamumwa ngati wotafuna. Ndinachita zimenezo miyezi ingapo. Wogula nokha ku famase asapitirire masabata 2 musanaonane ndi a dokotala. Akuchipatala nthawi zambiri amapereka 20 mg kwa masabata 4 mpaka 8. Dziwaninso kuti mukamumwa nthawi yaitali n'kusiya mwadzidzidzi, chifu chimatulutsa asidi wambiri kwa masiku angapo kapena masabata, ndipo mumaganiza kuti matenda abwerera. Kusiya pang'onopang'ono, mukuthandizira ndi otafuna, kumapepuza zimenezi.

Ngati mu kabati muli ranitidine wakale, mankhwala ena ochepetsa asidi, mutayeni. Anachotsedwa pa msika m'mayiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi kachinthu kotchedwa NDMA kamene kangayambitse khansa.

Amene muli pa ma ARV, ndime ino ndi yanu. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku amene ambiri akumwa masiku ano ali ndi dolutegravir. Magnesium, aluminium ndi calcium wa m'mankhwala otafuna amagwira dolutegravir m'matumbo, osalowa mokwanira m'magazi. Imwani ARV wanu kaye, otafuna abwere patapita maola 2. Ngati mwayamba ndi otafuna, dikirani maola 6. Amene ali pa ARV wotchedwa atazanavir asamwe omeprazole popanda kufunsa ku kiliniki, chifukwa atazanavir amafuna asidi kuti alowe m'thupi. Otafuna amalepheretsanso ciprofloxacin, doxycycline ndi mapiritsi oonjezera magazi, choncho muziwatalikitsa.

Nanga soda wa therere uja, ndi phulusa limene ena amanyambita? Zimaziziritsadi, palibe chifukwa chokanira. Koma soda akakumana ndi asidi amapanga mpweya wambiri, chifu chitupa, valavu imasukanso. Alinso ndi sodium wochuluka, woopsa kwa a BP, a mtima, a impso ndi oyembekezera. Phulusa silidziwika mlingo wake ndipo madzi ake akakhala amphamvu amapsereza. Mkaka umatonthoza kwa kanthawi, kenako umaitanitsa asidi wina.

Ngati mwamwa omeprazole moyenera kwa masabata 8, mwakweza bedi, mwasintha mgonero, koma palibe kusintha, mwina vuto ndi lina. Ululu wa pa chifu wofukula ngati njala, umene umachepa kapena kukula mukadya, ungakhale chilonda cha m'mimba chenicheni. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakaonetsa kuti ndiko gwero, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kamayezedwa ndipo kamaphedwa ndi mankhwala angapo ophatikiza. Omeprazole yekha amangobisa. Pena mbali ya chifu imakhala itakwera kudzera pa bowo la diaphragm n'kulowa m'chifuwa, chimene amati hiatus hernia, ndiye valavu yataya mnzake woipana uja. Kwa ochepa amene zonse zakanika pali opaleshoni yokulunga nsonga ya chifu kuzungulira valavu, imene dokotala Rudolf Nissen anaiyamba cha m'ma 1950.

Amayi oyembekezera

Pathupi pamabweretsa zonse ziwiri: timadzi ta m'thupi totchedwa progesterone timamasula valavu, ndipo mwana akamakula amakankha chifu. Miyezi itatu yomaliza ndiyo yovuta, ndipo kwa ambiri chimatha akangochira. Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, gonerani kumanzere, ndipo funsani ku sikelo mankhwala oyenera. Mapiritsi oonjezera magazi musasiye, muzingowasiyanitsa ndi otafuna maola 2.

Koma ululu wa pamwamba pa mimba kapena pansi pa nthiti za kumanja, utaphatikizana ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kutupa nkhope ndi manja, si chilungulira. BP ya pathupi imabwera chotero. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Pamene dzina la chilungulira likubisa china

Kupanikizika pachifuwa ngati wina wakukhalirani, kobwera mukamakwera mtunda kapena kugwira ntchito, kofalikira ku mkono, ku nsagwada kapena kumsana, ndi thukuta ndi kubanika, ungakhale mtima. Kugeya sikutsimikizira kuti ndi m'mimba. A shuga ndi a BP achenjere kwambiri pamenepa.

Kusanza magazi kapena zakuda ngati khofi, chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, kusanza kosalekeza, kuchepa magazi kosadziwika chifukwa, kuwonda musakufuna: zonsezi n'za kuchipatala, osati za ku famase. Kumva kuwawa pomeza pamodzi ndi zoyera m'kamwa nthawi zambiri ndi fangasi wa kum'mero, amene amagwira anthu a chitetezo chotsika. Amachira ndi fluconazole, ndipo ndi nthawi yoyezetsa magazi kapena kukaonetsa ngati ma ARV akugwirabe.

Chilungulira cha zaka zambiri chosasamalidwa chimatha kusiya chipsera chopanikiza njira ya chakudya, kapena kusintha khungu la kum'mero kukhala chimene amati Barrett's oesophagus, chomwe kwa ochepa chimasanduka khansa. Mtundu umenewo ndi wofala ku Ulaya ndi ku America. Kuno nkhawa yathu ndi ina. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo mtundu wathu suchokera ku asidi. Ofufuza amaugwirizanitsa ndi fodya, mowa monga kachasu, utsi wa nkhuni ndi zakumwa zotentha kwambiri. Ndikuitchula chifukwa anthu ambiri amataya miyezi akumwa mankhwala a maalsa pamene chimene chikuwavuta ndi kumeza.

Imayamba mwakachetechete. Nthuli ya nyama imaima pachifuwa mpaka mutamwera madzi. Pakapita masabata nsima nayo iyamba kuvuta, munthu n'kumapempha yofewa. Kenako amangodya phala, n'kumauza abale kuti alibe chilakolako. Ngati chakudya chaimapo kangapo, musadikire kuti mufike pa phala. Chofunika ndi kuunika ndi kachubu ka kamera kodzera m'kamwa, endoscopy, kumene kumachitika ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo njira yake ndi kalata yochokera kuchipatala chanu chaching'ono kapena cha boma.

Mukalowa m'chipinda cha dokotala musayambe ndi mawu akuti ndili ndi maalsa, chifukwa pa mzere wautali mawu amenewo amatha ndi paketi ina ya omeprazole. Lozani ndi chala pamene chakudya chimaima, nenani mwezi umene zinayamba, chimene munkameza kale koma pano chikukanika, ndipo funsani ngati mukufunika kalata yokaunikidwa.